Za intaneti m'ndege za ulendo wautali

Pa funso lakuti intaneti ya m'ndege ndi ndalama zingati, zinthu zasinthako. Kuyambira mu Okutobala 2024, Qatar Airways inayamba kuika Starlink, intaneti yodzera pa setilaiti, m'ndege zake za Boeing 777, ndipo wokwera aliyense salipira kanthu. Ethiopian Airlines imagulitsabe intaneti m'ndege zina zazikulu zochoka ku Addis Ababa.

Ikani foni pa airplane mode, yatsani Wi-Fi yokha, kenako tsegulani tsamba la kampani ya ndegeyo. Likakana kutseguka, kawirikawiri vuto ndi VPN (pulogalamu yobisa zomwe mukuchita pa intaneti), izimitseni ngati muli nayo. Letsaninso foni kutumiza zithunzi yokha ku Google Photos, zimadya bando msanga. Musadalire kwambiri intanetiyi: ndege ikasinthidwa pa tsiku la ulendo, yobwerayo itha kukhala yopanda intaneti.