Kalavati pa kamtsinje kamene mpasa imakwera

Bambo Makwinja: Akuluakulu anzanga, ndikupempha nzeru. Kuofesi kwathu ku Ginnery Corner mu Blantyre tikujambula pulani ya msewu umene udzadutsa kamtsinje kothira mumtsinje wa Bua, ndipo tinaika mapaipi atatu a simenti. Amene akulemba lipoti la zachilengedwe lopita ku MEPA, bungwe la boma loteteza chilengedwe, akana, akuti nsomba ya mpasa sidzadutsa. Ndalama za mlatho palibe. Kodi nsomba yamphamvu chotere ingalephere paipi ya mamita 12?

Mayi Nasiyaya: Bambo, vuto lalikulu si kutalika kwa paipi, koma chimene chimachitika kumunsi kwake. Madzi akapanikizika m'paipi amatuluka mwaliwiro n'kukumba dzenje, ndipo pakangopita dzinja ziwiri kapena zitatu, kamwa la paipi limatsala lili lende m'mwamba ngati mathithi. Mkati mwake simenti ndi yosalala, mulibe mwala umene nsomba ingabisale kuseri kwake kuti ipume, ndipo madzi akachepa amayenderera pang'ono moti nsomba yaikulu siingasambire. Zimenezi n'zimene zavutitsa nsomba za trout ndi salmon m'mitsinje ya ku America ndi ku Ulaya, mpaka mayiko ena akugumula makalavati akale. Mpasa si trout ayi, ndi ya mtundu wina, koma khalidwe lake ndi lomwelo: imachoka m'nyanja kukaikira mazira kumtunda.

Bambo Makwinja: Ndamva, mayi. Nanga tikangokulitsa mapaipiwo?

Bambo Chimombo: Sizikwanira. Ikani kalavati imodzi yabokosi, yotambalala mofanana ndi mtsinjewo, ndipo pansi pake pamire kupitirira pansi pa mtsinje kuti mudzathiremo miyala ndi nsangalabwi za pomwepo. Nsomba ikafika isazindikire n'komwe kuti yalowa m'chomanga cha anthu. Koma chimene chikundidetsa nkhawa ine ndi matope. Mpasa imaikira mazira pa nsangalabwi zoyera, m'madzi osaya oyenda bwino, ndipo dothi likakwirira mipata ya miyalayo, mazira amasowa mpweya n'kufa. Ndinaonapo kontirakitala wina, dzina sinditchula, akuunjika dothi m'mphepete mwa mtsinje mu November, ndipo mvula yoyamba inalikokolola lonse. Bua yasunga mpasa makamaka chifukwa chigawo chake chakumunsi chimadutsa m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota, imene bungwe la African Parks lakhala likuyang'anira kuyambira 2015. Zingakhale zamanyazi kuti ife mainjiniya tiwononge kumtunda.

Mayi Nasiyaya: Ndikuvomereza. Mulembenso m'kontirakiti kuti ntchito ya m'madzi ichitike mu September ndi October pamene mtsinje waphwa, ndiponso kuti munthu asakumbe mchenga kapena kutola miyala mumtsinjemo. Mukambiranenso ndi mafumu ndi a nthambi ya zausodzi, chifukwa pamene nsomba zimaunjikana kudikira kudutsa m'pamene anthu amatchera maneti a udzudzu.

Bambo Makwinja: Zikomo kwambiri. Ndiwerengera mtengo wa bokosilo usiku uno, ndipo Lachinayi ndidzakutumizirani pulani yatsopano kuti muone ngati kuya kwake kwakwana.