Antena yoti imatsatira foni ya munthu, nzoona zimenezi?

Nachisale wa Zitenje

Abale ndithandizeni. Ndimagulitsa zitenje pa WhatsApp kuno ku Chilomoni, ndipo makasitomala anga amadzuka madzulo akaweruka. Koma ikangokwana 7 koloko, chithunzi chimodzi chimangozungulira mpaka nsima kupsa, chonsecho timizere ta netiweki tadzaza tonse. Mbandakucha chithunzi chomwecho chimapita ndisanaphethire.

Nsanja ya netiweki ili pafupi, ndimaiona ndikamayanika zovala. Sabata yatha anyamata awiri anakwera n'kumangirirapo chibokosi chachifupi, chonenepa, pambali pa zazitali zoyera zija. Mwana wa achemwali anga akuti imeneyo ndi antena yosintha yokha, imalondola foni ya munthu aliyense. Ine ndachiyang'anitsitsa masiku atatu, sichikugwedezeka n'komwe. Akundipusitsa mwanayu?

Wokwera Nsanja

Anachisale, mwanayo sakunama, kungoti chimene chimatembenuka si bokosilo, ndi mafunde.

Tiyambe ndi timizere. Timangokuuzani kuti nsanja ikumveka bwino pamene mulipo, sitinena kuchuluka kwa anthu amene mukulimbirana nawo. Zazitali zoyerazo nthawi zambiri zimakhala mbali zitatu, iliyonse kuyang'ana madigiri 120. Aliyense wa mbali yanuyo mumatunga pa mjigo umodzi. Mbandakucha muli nokha, madzulo mudzi wonse wabwera ndi ndowa.

M'bokosi lonenepalo, momwe mwalifotokozeramu, muli timaantena tambirimbiri tondandalikidwa ngati mazira m'thireyi. Zodziwika kwambiri zimakhala ndi njira 32 kapena 64 zotumizira ndi kulandirira. Munaponyapo miyala iwiri padziwe? Pena mafunde akakumana amakwera, pena amafafanizana madzi n'kukhala bata. Kompyuta ya m'bokosimo imachedwetsa pang'onong'ono mafunde a kaantena kalikonse, kuti akakwere pamene pali foni yanu, akafafanizane kwa aneba. Mukasuntha imawerengeranso, kambirimbiri pa sekondi imodzi. Phindu lake ndi loti inu kumtunda ndi wina kumunsi mukhoza kutumikiridwa nthawi imodzi, pa frequency imodzimodziyo (kuchuluka kwa mafunde pa sekondi, komwe timayeza mu MHz kapena GHz). Mjigo uja wasanduka mipopi ingapo.

Dzina lake ndi massive MIMO. Amene anaitchukitsa ndi Thomas Marzetta wa ku Bell Labs, malo ochitira kafukufuku ku America, mu 2010, ndipo 5G imadalira kwambiri njira imeneyi.

Chimene chimandisangalatsa ine ndi kukula kwake. Timaantenato timatalikirana pafupifupi theka la utali wa funde. Pa 3.5 GHz, pomwe 5G yambiri imayendera, funde ndi lotalika masentimita 8.6, ndiye masentimita anayi okha akwana pakati pa kena ndi kanzake. Pa 800 MHz funde limaposa masentimita 37. Mutati mundandalike chimodzimodzi, chingakhale chinthu choposa chitseko cha nyumba, ndipo mphepo ya chiperoni ingalimbane nacho zedi pamwamba paja. Ine sindingakwere nacho.

Zoyera zakale zija nazonso musazinyoze. Zambiri zili ndi kamota m'kati, injiniya ali mu ofesi amatha kuweramitsa mafunde kuti agwere pafupi kapena afike patali. Koma zimenezo n'za dera lonse, si za munthu mmodzi.

Madala a ku Zingwangwa

Mwafotokoza bwino achimwene, koma musawasangalatse msanga mayiwa. Mipopi ichuluke bwanji, ngati paipi yobweretsa madzi ndi yaing'ono, mzere sutha. Nsanja nayo imalandira intaneti kuchokera kwina, pa faiba kapena pa timbale tozungulira tija ta microwave. Pamenepo pakathina, antena yanzeru ija yangokhala chokongoletsa. Komanso mabokosi amenewa amadya magetsi kuposa akale, ndiye akazima mabatire amatha msanga. Ndipo mayi, foni yanu ndi ya 5G? Poti ngati bokosilo ndi la 5G yokha, ya 4G silankhula nalo.

Wokwera Nsanja

Madala mwalasa. Kungowonjezera: ngakhale foni yawo ikhale ya 4G, anzawo a mafoni atsopano akasamukira ku bokosilo, mzere wa kwa iwo umachepa. Vuto lina ndi makoma. Mafunde a 3.5 GHz salowa bwino m'nyumba ya njerwa ngati a 800 MHz. Koma malata ndi makoma amabwezanso mafunde, ndipo MIMO imagwiritsa ntchito njira zokhotazo, sizitayika zonse.

Mphunzitsi wa Fizikisi

Amene akufuna kuona nzeru yomweyi pafupi ayang'ane mbale ya Starlink, intaneti ya pa setilaiti yomwe inayamba kugwira ntchito m'Malawi mu 2023. Ndi yafulati, m'kati muli timaantena tochuluka, ndipo imalondola masetilaiti othamanga pa mtunda wa makilomita pafupifupi 550 popanda kupotoloka nawo. Ndikaphunzitsa za mafunde ku Fomu 3 ndimayambira pamenepo, ana amasiya kusinza.

Nachisale wa Zitenje

Zikomo nonse. Ndafufuza m'masetingi, yanga ndi ya 4G basi, ndinagula 2020. Ndiye ndizipempherera aneba agule mafoni atsopano andisiyire mjigo. Lero ndiyesa kutumizira pakhonde loyang'ana kunsanja, osati kuchipinda. Nanga a Wokwera Nsanja, ndikafuna kusintha foni, ndiyang'ane chiyani pa katoni kuti asandigwire m'maso ku Limbe?