Chipindikireni pakamwa, mayi anga khutu limodzi likumva phokoso kwambiri

NaChisale92: Abale thandizeni. Masteni anadzuka Lachiwiri nkhope yakumanja itagwa, diso silikutseka, madzi akamamwa akutayikira pambali. Kuchipatala anati si sitiroko koma ndi Bell's palsy, anawapatsa mankhwala a prednisolone. Koma chondidabwitsa ndi khutu la mbali yomweyo, mbale zikangogundana potsuka akugwira khutu ati zikuwalasa mpaka mkati, wailesi tatsitsa mpaka ife sitikumva. Nkhope ndi khutu zikukhudzana bwanji?

Mjomba_Kabaza: Pepani achemwali. Mwina muli phula mkatimo, ayese kuchotsa ndi kathonje

Sisita_wa_pa_ward: Ayi Mjomba musawauze zimenezo, phula limapangitsa munthu kumva pang'ono osati kwambiri, ndipo kathonje kamangolikankhira mkati. Achemwali, kuseri kwa nembanemba ya khutu kuli timafupa titatu, malleus, incus ndi stapes, timalandizana kunjenjemera kwa mawu mpaka kukafika mkatikati. Ka stapes ndiko kafupa kochepetsetsa mthupi lonse, pafupifupi mamilimita 3 basi, ndiye pakhosi pake pamangiriridwa kamnofu kotchedwa stapedius, nakonso kochepetsetsa pa minofu yonse yogwira mafupa. Phokoso likakula kamakoka kafupako kuti kasagwedezeke kwambiri, ngati buleki ya njinga, ndipo kamatero makutu onse awiri ngakhale phokoso lalowera kumodzi. Tsono mtsempha umene umalamula kamnofuka ndi womwe uja umayendetsa nkhope, facial nerve, wa nambala 7, umadutsa mfupa la pakhutu pomwepo. Ukatupa nkhope imagwa, buleki nayonso imaduka, ndiye mbale zija zikulowa zonse mosachepetsedwa. Madokotala amati hyperacusis. Ambiri zimabwerera pakatha masabata kapena miyezi ingapo mtsempha ukachira. Ine ndingadandaule kwambiri za disolo kuposa khutu, likamauma limachita zilonda, muziwathira mankhwala a m'maso ndipo usiku muzilitseka ndi pulasitala.

Chikondi_Joni: Eeh ndiye kamene ndimachita kulira ine kaja ndi kameneka? Ndikatsinzina mwamphamvu kapena kuyasamula ndimamva gruuu mkhutu ngati bingu lakutali, akazi anga amati ndimanama kkkk

Sisita_wa_pa_ward: Simunama achimwene koma kanuko ndi kena, tensor tympani. Timinofu tilipo tiwiri mmenemo. Iko kamakoka malleus nkukunga nembanemba, ndipo mtsempha wake ndi wina, wa nambala 5, wogwira ntchito potafuna, nchifukwa chake Bell's palsy sikakhudza. Anthu ena amatha kukakoka mwadala. Koma musadalire timinofuti inu a ku Joni ogwira ma grinder, kaphokoso kadzidzidzi ngati mfuti kamalowa timinofuto tisanakoke nkomwe, komanso timatopa phokoso likapitirira. Valani zotseka makutu.

NaChisale92: Zikomo kwambiri sisita, ndawafotokozera aseka ndi mbali imodziyo ati ndiye buleki yaduka. Mbale tayamba kutsukira kuseri kwa nyumba. Pulasitala ndigula mawa mtauni, ndi ija yoyera yapepala kapena iliyonse?