Ndingamuthandize bwanji wa chaka choyamba amene wayamba kudzipatula?

Wofunsa, wa chaka chachitatu (unamwino ndi uzamba):
Anzanga, ndikupempha nzeru. Kumayambiriro kwa semesita ino anatigawira ophunzira atsopano oti tiziwatsogolera, ndipo ine ndinapatsidwa atsikana awiri. Mmodzi anazolowera msanga, koma winayo, amene anachokera ku CDSS ya kumudzi ndipo ndi woyamba kubanja kwawo kufika ku yunivesite, amangokhala yekha. M'kalasi safunsa kanthu, ku gulu lokambirana sabwera, ndipo dzana ndinamupeza m'laibulale nthawi ya nkhomaliro, ndikukayika ngati anali atadya. Ndikamufunsa amangoti, "Ndili bwino, achemwali." Posachedwa apita ku wodi koyamba. Kodi ndimuumirize kuti alankhule, kapena ndikauze aphunzitsi?

Namwino wa ku wodi ya ana:
Musamufunsenso kuti ali bwanji, chifukwa mwana woleredwa ndi ulemu wa kumudzi sangamuuze wamkulu wake pamaso kuti zinthu zavuta. Ine ndinali chimodzimodzi. MSCE ndinakhoza bwino, koma ndikamva Chingerezi cha anzanga ochokera ku sukulu za m'tauni, lilime linkangouma. Amene ankanditsogolera sanandifunse mafunso ambiri, anangonditenga Loweruka lina kupita nane ku skills lab (chipinda choyesereramo ntchito za unamwino), nanditambasulira mkono wake kuti ndimuyeze BP. Ndinapopa kasanu konse, kenako ndinaulula kuti masabata onsewo ndinkangonamizira kuti ndikumva kugunda mu stethoscope. Anaseka, nanditembenuzira timitu ta m'makutu tija, poti ndinkatilowetsa chagada. Tikubwerera ku hostel ndi pamene ndinamuuza zina zonse, mpaka za ndalama.

Asanapite ku wodi, muuzeni zimene sizilembedwa m'mabuku. Azifika handover (nthawi imene anamwino oweruka amasiyira anzawo ntchito) isanayambe, azipereka moni kwa asisita oyang'anira wodi, azinyamula wotchi ndi kabuku kolembamo, ndipo azilankhula ndi magadiyani mwaulemu, popeza iwowo ndiwo amadziwa ngati wodwala wadya kapena wagona. Tsiku limene wodwala adzamwalire iye akuona, mudzamufunefune madzulo ake, musadikire kuti akupezeni yekha.

Mphunzitsi wa ku wodi:
Zimene anena amayi pamwambapa ndi zoona, koma ndiwonjezere chenjezo. Inunso ndinu wophunzira, simunalembetsedwe ku Nurses and Midwives Council of Malawi, choncho ntchito yanu si kumuphunzitsa kubaya jakisoni kapena kuwerengera mlingo wa mankhwala, ndipo musayerekeze kumusainira logbook, buku losonyeza ntchito zimene wachita ku wodi. Zizolowezi zoipa zambiri zimene timavutika kuzichotsa kwa a chaka chachinayi, monga kulemba kutentha kwa thupi asanayeze, anazitengera kwa akulu awo amene ankafuna kuwathandiza kuti ntchito ithe msanga.

Za chakudyazo musazione mopepuka. Fufuzani ngati anafunsira ngongole ku bungwe lopereka ngongole kwa ophunzira a m'mayunivesite, ndipo ngati sanatero, muperekezeni ku ofesi yoona za umoyo wa ophunzira. Akadzatchula zoti sakugona, akufuna kusiya sukulu, kapena moyo wamutopetsa, imeneyo si nkhaninso yosunga awiri.

Wa chaka chachinayi:
Aphunzitsi, pa mfundo yomalizayo ndikugwirizana nanu, koma pa zinazo ndikupempha kuti achemwaliwa asapite ku ofesi iliyonse mwini wake asakudziwa. Mnyamata amene ndinkamutsogolera chaka chatha anasiya kundilankhula mwezi wathunthu atamva kuti ndinakanena za mavuto ake, ndipo ndinali wolakwa ndine. Musayambenso kumubwereketsa ndalama, chifukwa akalephera kubweza adzayamba kukuzembani pa nthawi imene akukufunani kwambiri. Kudya naye limodzi kumene kulibe vuto.

Chinanso, inu mudzakhala muli ku night duty kapena ku chipatala cha kutali iye akuvutika, ndiye akufunika anzake a msinkhu wake. Muzikumana ndi atsikana anu onse awiri pamodzi, ndipo mufunseni kumene amapemphera, kaya ndi ku SCOM, ku YCS kapena ku gulu la ophunzira a Chisilamu, kuti mumupezere woyenda naye.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri nonse. Ndamupempha kuti andithandize kukonzekera mayeso anga a practical Loweruka lino, ndipo wavomera. Mnzake uja ndamuitana kuti adzatipeze masana, tidzaphike nsima limodzi.