Makolo akuti ana akungosewera, ndiwayankhe bwanji?

Moni alezi anzanga ndi aphunzitsi nonse, ndithandizeni maganizo chonde. Ndimalera ana a zaka 3 mpaka 5 pa sukulu ya mkombaphala kumudzi kwathu kuno. Ku maphunziro a ulezi anatiuza kuti mwana wamsinkhu umenewu amaphunzira posewera, ndiye ine ndimawasiya azichita masanje, wina mayi wina bambo, kuphika nsima yadothi m'zitini, ena kuumba ng'ombe zadongo, kuwerenga timagwiritsa zitsekero za mabotolo ndi timiyala. Ndipo zimathandizadi, kamtsikana kena kamene kankangoti zii ngakhale ukafunse dzina pano ndi kamene kamagulitsa tomato pa kamsika kathu, ndalama zake masamba a mango, mpaka kumakangana ndi anzake kuti chenje sichinakwane.

Koma vuto ndi makolo. Akuti ife timatumiza ana kuti akaphunzire osati akadetse zovala, akufuna mwana azibwera ndi kope lodzadza ma ABC komanso aziyankhula chizungu ngati ana a mtauni, moti ena ayamba kale kuwaletsa kubwera. Zikundiwawa kwambiri, Sitandade 1 amayamba ali ndi zaka 6, nanga tikuthamangiranji zala zisanakhwime zogwirira pensulo?

Inu amene munakumanapo nazo munawauza chani makolo kuti amvetse? Ndiwaitane adzaonerere okha tsiku lina, kapena ndidzere kukomiti ndi kwa amfumu? Komanso ndigawireniko masewera amene amalowetsa zilembo mwana akusangalala, osafuna zogula poti ndalama ndiye palibe.