Sabata ya magemu: mashifiti, misewu ndi agogo a Cubs

Lolemba, 14 Epulo 2025

Nachisale (South Bend): Mwaswera bwanji nonse. Ndine mlendo pagulu pano, andilowetsa ndi Bambo a Tadala. Ndili ndi funso koma musandiseke. Agogo aamuna amene ndikuwasamalira ali ndi zaka 88, TV yawo sichoka pa timu ya baseball ya Chicago Cubs. Lachisanu inasewera ndi Dodgers, Loweruka Dodgers yomweyo, dzulo Dodgers yomweyonso. Ine ndimayesa akungobwereza gemu yakale, ndiye ndinasintha tchanelo. Agogo anandinyanyalira mpaka kukana chakudya chamadzulo. Kodi anthuwa amasewera tsiku lililonse?

Bambo a Tadala (South Bend): Takulandirani achemwali. Mwachita bwino kufunsa, safunsa anadya phula. Inde, pafupifupi tsiku lililonse. Mu baseball timu iliyonse imasewera magemu 162 pachaka, kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Seputembala. Akapita kwa anzawo sabwerako tsiku lomwelo ngati Bullets ikapita ku Lilongwe, amakhala komweko masiku atatu kapena anayi n'kumamenyana ndi timu imodzimodziyo. Ndiye zomwe munaonazo zinali magemu atatu osiyana ku Los Angeles. Lachisanu Dodgers inapambana 3-0, Loweruka Cubs inawakwapula 16-0 pakwawo pomwe, dzulo Cubs yapambananso 4-2. Ngati munasintha tchanelo Loweruka, agogowo akanatha kukuchotsani ntchito.

Nachisale: Linali Loweruka lomwelo 🙈

Mjomba wa Uber (Chicago): Mayo ine! Dodgers ndi akatswiri a chaka chatha, ndipo mwezi wathawu anaimenya Cubs kawiri ku Tokyo potsegulira ligi, 4-1 ndi 6-3. Chaka chino anayamba ndi kupambana magemu 8 otsatizana. Ndiye munthu wadikira kubwezera, zikutheka 16-0, inu n'kumuikira pulogalamu yophika. Pitani mukapepese mutagwada.

Nangozo (Indianapolis): Mjomba musamuopseze mwana. Nachisale, ine ntchito imeneyi ndaigwira zaka zambiri, ndikuuze chinthu chimodzi. Kwa agogo ngati amenewo gemu ndiye wotchi yawo. M'mawa uliwonse uziona kuti Cubs ikusewera nthawi yanji, kusamba ndi kudya uzikonze mozungulira nthawi imeneyo. Mankhwala okhawo usasunthe, amenewo amayendera zomwe analemba adokotala, koma ungowapatsira pampando pomwepo pamene aika malonda. Mu baseball malonda amabwera pafupipafupi, matimu akamasinthana. Ukatero moyo wako uphweka.

Nachisale: Zikomo amayi. Koma ine sindimva kanthu, ndimangoona anthu ataimaima, wina akulavula, wina akukanda chipewa.

Bambo a Tadala: Kumbukirani ma rounders tinkasewera ku pulayimale aja. Wina aponya, wina amenya ndi chibonga n'kuthamanga kuzungulira malo anayi. Akabwerera pomwe anayambira ndiye chigoli chimodzi, amati run. Anthu atatu akatulutsidwa, matimu amasinthana, omenya akukagwira, ogwira akukamenya. Onse akamenyako ndiye inning imodzi yatha, ndipo zimakhala 9. Kulibe kulepherana, zikafanana amapitiriza mpaka wina agwe. Womenya akaphonya katatu watuluka. Woponya akaponya mokhota kanayi, womenya amangoyenda ulele kupita pamalo oyamba. Mpira ukadumpha mpanda ndiye home run, apo muziwomba m'manja basi, bola akhale wa Cubs wamenyayo. Pa TV muziyang'ana pansi pa chilembo R, zigoli zili pamenepo. H ndi E zisiyeni kaye.

Aphiri (Seattle): Ndipo muthokoze kuti mwabwera mochedwa. Kale gemu imodzi inkadya maola atatu n'kupitirira. Kuyambira 2023 anaika wotchi yomufulumizitsa woponya, pano imathera pa maola awiri ndi theka kapena kuposerapo pang'ono.

Nangozo: Ukafuna kuti agogowo akukhululukire msanga, uwafunse kuti anali kuti mu 2016. Cubs inatenga chikho chaka chimenecho patadutsa zaka 108, inali itatenga komaliza mu 1908. Munthu wa zaka 88 ndiye kuti anadikira kuyambira ali mwana mpaka imvi mbuu. Adzakukambira nkhani mpaka udzatopa wekha. Ine kasitomala wanga wina, malemu pano, ankalira akamaikamba.

Bambo a Tadala: Mawanso musadabwe mukaona osewera onse avala nambala 42, TV sinaonongeke. Pa 15 Epulo amakumbukira Jackie Robinson, munthu wakuda amene anathyola tsankho la mu ligi yaikuluyi pomwe anayamba kusewerera Brooklyn Dodgers mu 1947.

Nangozo: Mawa lomwelo ndi tsiku lomaliza lotumiza mafomu a msonkho. Amene simunamalize, siyani za mpirazi. Mutha kupempha kuti akuwonjezereni nthawi yotumizira mapepala, koma ngati muli ndi ngongole ya msonkho, ndalamayo ikufunikabe mawa. Makamaka inu a Uber amene sakudulanitu pa malipiro.

Mjomba wa Uber: Ndinamaliza kale mlongo, zinandiwawa koma ndinamaliza. Tsopano madalaivala anzanga a ku Chicago tcherani khutu, sabata ino muli ndalama. Magemu a ligi ya basketball ya NBA atha dzulo, kwatsala kulimbirana chikho. Chicago Bulls yathera pa nambala 9, yapambana 39 n'kugonja 43, ndiye Lachitatu madzulo ikulandira Miami Heat ku United Center mu play-in. Wogonja akupita kwawo basi. Cubs ili ku San Diego mpaka Lachitatu, ibwerera Lachisanu masana kudzakumana ndi Arizona, sabata yamawa Dodgers ikubwera ku Wrigley, bwalo la Cubs, Lachiwiri ndi Lachitatu. Langizo langa ndi lomwe lija: osakalowa pakhomo penipeni pa bwalo. Ku Wrigley, misewu ya Clark ndi Addison imadzadza anthu oyenda pansi, apolisi amatseka, ukhala mphindi 40 osasuntha pomwe mnzako wapanga maulendo awiri. Imani misewu ingapo kutali, muimbireni kasitomala ayende kudzakupezani. Ndipo muzimvera gemu pa wailesi, 670 AM. Ikafika inning ya 7 ziyambani kuyandikira. Ngati ikugonja kwambiri anthu amatuluka msanga, ngati zili pafupi amakhala mpaka mapeto n'kutuluka onse nthawi imodzi.

Mlamu (Dallas): Play-in imeneyi mundifotokozere bwino, chifukwa timu yathu ya Dallas Mavericks nayonso akuti ili momwemo koma ku ntchito aliyense akunena zake.

Mjomba wa Uber: Chigawo chilichonse, kummawa ndi kumadzulo, matimu 6 apamwamba alowa kale mu ma playoff, ndime zochotsana polimbirana chikho. Malo awiri otsalawo akulimbirana a nambala 7 mpaka 10. Wa 7 akumana ndi wa 8, wopambana walowa. Wogonja ali ndi mwayi wachiwiri, Lachisanu adikirira amene wapambana pakati pa 9 ndi 10. Ndiye inu a Dallas, pokhala a nambala 10, mukuyenera kupambana kawiri, konse koyenda. Lachitatu muli ku Sacramento. Mawa ndi Orlando ndi Atlanta, kenako Golden State ndi Memphis. Golden State yagwera mmenemu chifukwa chogonja dzulo ndi Clippers mu nthawi yowonjezera.

Mlamu: Kuno anthu mitima inasweka kale, za play-in sakuzilabadira. Chigulitsireni Luka Dončić ku Lakers mu Febuluwale, mu warehouse mwathu mwangokhala ngati pamaliro. Lachitatu lapitali anabwera ndi Lakers kudzasewera kuno koyamba, anamuonetsera kanema wa zaka zake zonse, mnyamata misozi chuchuchu, kenako n'kutithira mapointi 45. Bwalo lonse limamuchemerera iyeyo, mlendo. Tangoganizani Kamuzu Stadium yonse ikuchemerera wa Nyerere pomwe akuchinya Bullets. Ine ndinaphunzirapo kuti pa buleki usamatchule nkhani imeneyi mwachibwana. Mnzathu wina anangoti "koma ndi bizinesi" anthu anamusala sabata yonse.

Aphiri: Inu mukulira wosewera mmodzi? Kuno anatilanda timu yonse. SuperSonics inasamuka mu 2008 kupita ku Oklahoma City, ndiyo Thunder imene yathera pamwamba pa ligi yonse chaka chino, 68 kwa 14. Wina wochokera kumudzi anatulukira ku shifiti atavala jezi ya Thunder ya pa kaunjika, osadziwa. Sanamumenye ayi, koma maso omwe anamuyang'ana nawo, anakaivula ku bafa. Ndiye abale, musanavale jezi imene mwatola ku thrift, funsani kaye kuti ndi ya ndani.

Bambo a Tadala: 😂 Ngakhale mu Chicago momwemo, chipewa cha Cubs kumwera kwa tauni n'kulakwa, kumeneko ndi kwa White Sox, timu inayo ya baseball.

Mjomba wa Uber: A White Sox alibe mphamvu zokwiyira munthu pano, chaka chatha anagonja magemu 121. Koma matikiti awo ndiye otsika, ngati mukungofuna kukaona bwalo lalikulu ndi ana.

Nangozo: Ife a Indiana ndiye tikuyenda modzitama. Pacers yapambana 50, yathera pa nambala 4, ikuyamba ndi Milwaukee Bucks Loweruka kuno ku Gainbridge Fieldhouse. Chaka chatha tinawatulutsa omwewa 4-2. Tili ndi Haliburton komanso mwana wa ku Cameroon uja Pascal Siakam, iwo ali ndi Giannis, koma Lillard wawo wakhala kunja chifukwa cha magazi oundana m'mwendo. Amene mumagwira ntchito m'mahotela ndi m'malesitilanti a m'tauni, pemphani shifiti ya Loweruka lero lomwe, matipu amakhala abwino. Kungoti galimoto musabwere nayo pakati pa tauni, malo oimika amakwera mtengo tsiku la gemu, ndalama ya shifiti n'kuthera pomwepo.

Mlamu: Giannis adya munthu Loweruka. Ndaika kale kakhumi.

Nangozo: Mlamu, mwaika kuti? Ku Texas kubetcha pa masewero n'kosaloledwa. Kuno ku Indiana n'kololedwa kuyambira 2019, koma uyenera kukhala ndi zaka 21 ndipo foni imaona pomwe uli. Musakagwere m'mawebusayiti achilendo n'kuwapatsa nambala zanu za ku banki. Komanso zomwe wawina amazifunira msonkho. Ine ndinaonera kunyumba kwanga komwe, munthu anayamba ndi madola 10 omwewo mu nyengo ya mipikisano ya makoleji ya Malichi ija, pofika Epulo ya fetereza yomwe timatumiza kumudzi inali itapita.

Mlamu: Ndabetcha ndi mnzanga wa pa forklift chabe, wogonja agula nkhomaliro. Khalani pansi mtima.

Nachisale: Ndiye basketball ikatha Loweruka agogo azingoonera baseball yokha?

Mjomba wa Uber: Siikutha, ikuyamba kumene. Ndime iliyonse amamenyana mpaka wina apambane kanayi, zikhoza kufika magemu 7, ndipo ndime zake ndi zinayi. Chikho chimatuluka mu Juni. Kummawa kuno zimphona ndi Cleveland yomwe yapambana 64 ndi Boston 61. Koma ine ndikuonera Detroit, chaka chatha inapambana 14 yokha, chaka chino 44, ikukumana ndi New York Knicks.

Bambo a Tadala: Achemwali, njira yabwino yomvetsera baseball ndi kukaionera pabwalo. Simufunikanso kupita ku Chicago. Kuno kuli South Bend Cubs, timu ya achinyamata amene Cubs yaikulu ikuwakulitsa, amasewera pa Four Winds Field m'tauni momwemu. Matikiti ndi otsika, ana amasewera pa kapinga, ndipo umakhala pafupi moti umamva mpira ukulira m'glovu. Ine ndi mayi a Tadala tikhoza kukutengani tsiku lomwe muli pa ofu.

Aphiri: Mutenge bulangete. Epulo wa kumeneko ndi wabodza, dzuwa limawala koma mphepo yake ngati Dedza mu Juni. Ife kuno bola bwalo lathu la baseball la T-Mobile Park lili ndi denga lotchinga mvula, ngakhale kuzizira kumalowabe m'mbali.

Mlamu: Kwathu ku Arlington bwalo la timu ya baseball ya Rangers ndi lotsekeka bwinobwino, vuto ndi mayendedwe. Kulibe sitima kapena mabasi a nthawi zonse ofika kumeneko, opanda galimoto apemphe matola. Ku basketball ndiye kosavuta, sitima imakutsitsa pa Victory Station, bwalo lili pamphuno.

Nachisale: Mwana wa agogowa ananena kuti akufuna kudzawatengera ku Wrigley Lachisanu, ndipo akufuna ndipite nawo kuti ndizikawathandiza pa njinga yawo ya olumala. Ndikonzekere zotani?

Mjomba wa Uber: Choyamba, nthawi. South Bend ili patsogolo ndi ola limodzi kuyerekeza ndi Chicago. Gemu ya Lachisanu imayamba 1:20 masana ya kuno, kwanu ikhala ili 2:20. Foni imasintha yokha panjira, ndiye mankhwala a agogo muwerengere pa wotchi yapamkono yomwe simunaisinthe. Chachiwiri, chikwama chakumsana sakulowetsani nacho, tengani kachikwama kakang'ono, ndipo zofunikira za odwala muzionetse pageti, amaziona padera. Chachitatu, mkatimo salandira ndalama yapamanja, ndi khadi basi, matikiti nawonso amakhala pafoni, ndiye batire likhale lodzadza. Muwauze atsimikize kuti agula mipando ya anthu a pa njinga, bwalolo ndi la 1914, masitepe ake si masewera. Mphepo ikamachokera kunyanja ya Michigan kumazizira koopsa, makamaka mipando ya pamthunzi.

Bambo a Tadala: Akakhala kuti sakuyendetsa galimoto, sitima ya South Shore Line imanyamukira pa bwalo la ndege kuno mpaka Millennium Station, kenako sitima ya Red Line kutsikira pa Addison. Mvula ikagwa n'kuimitsa gemu isanakwane ma inning asanu, matikiti musafufute, amagwiranso ntchito.

Nangozo: Ndipo uimbire ku ofesi yomwe inakutumiza lero, uwauze za ulendowu, avomereze polemba. Ine ndinaperekezapo kasitomala kunja kwa tauni pongomvana pakamwa ndi abale ake, maola a panjira anakana kundilipira, akuti sanali pa ndandanda. Lachisanulo ndi Loyeranso, ngati umafuna kupita ku tchalitchi uneneretu.

Nachisale: Ndaimba, akuti nditumize pa imelo. Agogo adzuka, ndawafunsa za 2016 zija. Andituma kuchipinda kukatenga kambendera koyera kolembedwa W, akuti amakapachika pawindo Cubs ikapambana ndipo chiyambire Loweruka palibe wawapachikira. Ndikusaka tepi.

Mjomba wa Uber: Pachikani msanga, ya lero ku San Diego iyamba cha m'ma 10 koloko usiku nthawi yanu. Muwagoneke masana ano.