Mwana wanga wayamba ku Chanco koma sakusiya kupempha ndalama, ndithandizeni

Membala wobisa dzina: Adimini ndibiseni dzina chonde. Mwana wanga woyamba anasankhidwa kupita ku Chanco, yunivesite ya ku Zomba, ali chaka choyamba. Malo ogona pa kampasi sanapeze, akuchita lendi ku Chikanda ndi anzake awiri. Sabata iliyonse akufuna ndalama. Lero bandulo, mawa zosonkha za phwando la mnzake, pano akuti kukubwera social weekend ndipo akapanda kupita anzake amusala. Ine ndimagulitsa kaunjika. Bambo ake anatithawa iye ali Sitandade 6, akumangira nyumba mkazi wina koma kuno ngakhale ya sopo satumiza. Alamu anga amene ankati sangakhoze MSCE ndi omwe pano akumuimbira foni kumutchula kuti bwana. Chikwama chomwe ananyamulira zovala ndinabwereka kwa aneba, mpaka lero akundikumbutsa. Achimwene anga anaphunzira komweko kale, sanapemphepo ndi tambala yomwe, pa holide ankabwera atanenepa. Kodi zinthu zinasintha chonchi kapena mwanayu walowerera? Nditumize kapena ndikane? Tulo sindikupeza.

Chirunga wakale: Mayi, MUSATUMIZE. Ana a lero akupita kukasangalala, osati kukaphunzira. Ine ndinali kumeneko m'ma 1980. Aliyense anali ndi bedi pa kampasi, tinkadya katatu ku kafeteriya osalipira, boma n'kutipatsanso ka alawansi. Mwana wa nduna ndi mwana wa mlimi wa fodya ankaima pa mzere umodzi kudikira mpunga. Chisangalalo chathu chinali zisudzo za Travelling Theatre, mpira, disiko, ndi kukawerengerana ndakatulo ku Writers Group. Palibe ankavutitsa mayi ake.

Finale wa chaka chino: Bambo, mwadziyankha nokha. Simunkavutitsa makolo chifukwa boma linkakudyetsani. Kafeteriya yaulere ija kulibenso. Ife timagula nsima m'malesitilanti kapena kuphika tokha pa mbaula, ndipo ambiri timagona kunja chifukwa ophunzira anachuluka kuposa mabedi. Mzere umodzi uja unatha. Pano wa ndalama amadya kwake, wopanda amadya kamodzi patsiku, ndipo chinzake chimatsatira komwe ukudya. Bandulo si chisangalalo, manotsi ndi uthenga wosintha nthawi ya kalasi zimabwera pa WhatsApp. Mayi, kodi mumamutumizira zingati pa mwezi? Nanga loni anapeza?

Mai a mapasa: Ngati ndi wamkazi samalani, mukamuumira apeza abambo a galimoto omupatsa.

Wa ku Joni: Ndani wanena kuti ndi wamkazi? Anyamata ndiye oopsa. Mphwanga ndinkamutumizira fizi kuchokera ku Johannesburg zaka ziwiri, ali pa koleji ina, osadziwa kuti zonse zikuthera kubetcha mpira pa foni. Ndinadzamva kwa mnzake atachotsedwa kale. Ine ndikupsa ndi dzuwa pa konsitirakishoni, iye akusankha matimu.

Chirunga wakale: Mwamva? Mafoni! Mu Malichi 1992 ophunzira anaguba kugwirizana ndi kalata ya mabishopu yodzudzula boma, koleji mpaka kutsekedwa. Ana a nthawiyo ankaganiza za dziko. Awa akuganiza za zithunzi za pa Instagram.

Anachisale a ku Naperi: Achimwene, musakometse zonse. Nanenso ndinaliko. Atsikana tinali ochepa, ndipo lamulo la kavalidwe la 1973 linkatiletsa thalauzi ndi siketi yaifupi mpaka linachotsedwa mu 1993. Pocheza munthu unkayamba wayang'ana kumbuyo usanatchule za boma. Mwaiwala kuti Jack Mapanje, mlakatuli yemwe ankaphunzitsa pa Chanco, anamangidwa mu 1987 n'kukakhala ku ndende ya Mikuyu mpaka 1991 popanda mlandu wozengedwa? Ndipo mowa munkamwa, alawansi ija inkathera kuti? Mu 2011 ana omwe mukuwanyozawa anaima ndi aphunzitsi awo pa nkhani ya ufulu wa maphunziro miyezi yambirimbiri.

Chirunga wakale: Tinkamwa mwaulemu, ndi ndalama zathu!

Kamnyamata ka pa Chinamwali: Ndalama zanu ziti amalume, si misonkho ya agogo athu? Mwadya zaulere zaka zinayi, ingomutumizirani mwanayu ya social weekend mubweze ngongole 😂

Mtumiki: Alowe SCOM, bungwe la ophunzira achikhristu, kapena gulu la mpingo wake. Kumeneko apeza anzake osafuna ndalama za phwando. Mayi gwadani pansi.

Mphunzitsi wa ku Domasi: Lendi muzilipira nokha kwa alandilodi, isamadutse m'manja mwake. Ya chakudya muziigawa pawiri pa mwezi, ndipo mumutumizire ufa, nyemba ndi usipa pa basi. Za loni afunse ku ofesi yoona za ophunzira, bungwe lobwereketsa ndalama kwa ophunzira a m'mayunivesite lilipo kuyambira 2015.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Za bambo akewo ndinapita kale kwa ankhoswe kawiri, anangoti tidikire akolole. Komanso aneba aja dzulo abweranso za chikwama pamaso pa makasitomala anga.

Finale wa chaka chino: Mayi, pepani, koma simunayankhebe. Mumatumiza zingati, ndipo loni ali nayo? Mwina akutchula phwando chifukwa akuchita manyazi kukuuzani kuti chakudya chatha. Ndinaonapo yaro, wa chaka choyamba, akumwa madzi a shuga usiku anzake atapita kukadya.

Chirunga wakale: Manyazi a chiyani? Ife tinkakwera basi kuchoka ku Mzimba mpaka ku Zomba ndi sutikesi imodzi yokha. Mayi, ndanena kale, musatumize.

Anachisale a ku Naperi: Achimwene, tikiti ya basiyo analipira ndani?